Njinga zopanda mabuleki: mmene mpikisano wa speedway ulili lero ndi zomwe okwera mota angatolepo

Njinga yamoto, yomwe ambiri kuno amangoti mota, yalowa kale m'moyo wa anthu a m'boma la Chifunde. Imanyamula matumba a feteleza ndi mbewu kuchokera kumsika, imathamangira ndi wodwala kuchipatala, ndipo kwa anyamata a kabaza ndiyo munda wawo. Mlimi fodya kapena soya akamuyendera bwino, malata akakwera padenga, chotsatira nthawi zambiri chimakhala mota. Nawo mafoni afika m'midzi, ndipo pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda timakanema ta amuna anayi ovala zisoti zamitundu yosiyana, akuthamangitsana pa bwalo la dothi, njinga zitapendekeka cham'mbali, fumbi lili koboo kumbuyo kwawo.

Masewera amenewo dzina lake ndi speedway. Ndi ntchito yolipidwa, yokhala ndi matimu, maligi, makontirakiti komanso mpikisano wa dziko lonse lapansi. Koma lero sakuyenda mofanana kulikonse. Ku Poland mabwalo amadzaza, pomwe ku Britain, komwe kale kunali kuchimake kwa masewerawa, matimu akuluakulu akhala akutsekedwa motsatizana. Njinga zomwe amakwera m'mayiko awiriwa ndi zofanana, okwera ake ambiri ndi omwewo. Chomwe chikusiyanitsa ndi zinthu zitatu: bwalo ndi la yani, ana akuphunzitsidwa ndi yani, ndipo ndalama zikuchokera kuti.

Njinga yake ndi yotani?

Njinga ya speedway siyenda pamsewu. Ilibe nyali, ilibe hutala, ilibe malo a pasinjala. Ili ndi giya imodzi yokha, ndipo chomwe chimadabwitsa anthu ambiri n'chakuti ilibe mabuleki. Malamulo a masewerawa salola kuikapo mabuleki. Anthu anayi akamathamanga mapewa akukhudzana, mmodzi atangogwira buleki mwadzidzidzi, onse a m'mbuyo angamugwere.

Injini yake ndi ya 500cc. Poyerekeza, njinga zambiri za kabaza monga Lifo ndi Boxer zimakhala za pakati pa 100cc ndi 150cc. Ngakhale injiniyo ndi yaikulu chonchi, njinga yonse ndi yopepuka, ndipo lamulo limangoti isachepere makilogalamu 77. Chifukwa cha mphamvu zambiri pa thupi lopepuka, njingayi imachoka poima n'kufika liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi atatu kapena kuchepera apo. Mainjini odziwika kwambiri ndi a GM, opangidwa ku Italy, ndi a Jawa, a ku Czech Republic.

Simwa petulo. Imayendera mafuta otchedwa methanol. Methanol ndi m'bale wake wa mowa ndipo amaoneka ngati kachasu, koma ndi poizoni woopsa: munthu akamwa ngakhale pang'ono akhoza kuchita khungu kapena kumwalira. Akayaka masana, lawi lake limavuta kuona.

Nanga popanda mabuleki amakhota bwanji? Wokwera akafika pokhota amagoneka njinga kumanzere, tayala lakumbuyo n'kuyamba kuterereka cham'mbali. Kutererekako ndiko kumachepetsa liwiro ndi kutembenuza njinga. Phazi lamanzere amalitsitsa pansi, ndipo kunsi kwa nsapato yake amamangako chitsulo kuti lizitsetsereka pa dothi. Luso limeneli munthu amaliphunzira zaka zambiri, ndipo limatheka pa bwalo lokonzedwa mwapadera, lothiridwa dothi losakaniza ndi miyala yoperapera, lomwe amalithira madzi ndi kulisalaza ndi thirakitala masewera ali mkati.

Mpikisano umayenda bwanji?

Bwalo limakhala lozungulira ngati dzira, lotalika pakati pa mamita 260 ndi 425. Mu ndime iliyonse mumakhala okwera anayi, ndipo amazungulira kanayi, nthawi zonse akukhotera kumanzere. Ndime imodzi imatha pafupifupi mphindi imodzi yokha. Woyamba amapeza mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, womaliza sapeza kanthu.

Onse anayi amaima kumbuyo kwa zingwe zomwe woimbira amazikweza mwadzidzidzi. Wogunda zingwezo zisanakwere amalangidwa. Paja akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo m'masewerawa mawuwa ndi oona kwambiri: amene wafika patsogolo pokhota poyamba nthawi zambiri ndiye amapambana, chifukwa anzake a m'mbuyo amatsala akumenyedwa ndi dothi lochokera ku tayala lake.

M'masewera a ligi, matimu awiri amakumana m'ndime 15. Timu iliyonse imatumiza anthu awiri mu ndime iliyonse. Eni bwalo amavala zisoti zofiira ndi zabuluu, alendo zoyera ndi zachikasu. Anthu awiri a timu imodzi akakhala woyamba ndi wachiwiri, ndimeyo imatha 5 kwa 1. Mapointi onse a tsikulo amakwana 90, choncho timu yofika pa 46 yapambana, ndipo 45 kwa 45 ndiye kuti afanana mphamvu. Apa pamaonekera kuti katswiri mmodzi sangapambanitse timu yekha. Wokwera wanzeru akakhala patsogolo amacheuka, n'kumatchingira adani kuti mnzake wa timu imodzi adutse.

Kumene masewerawa adachokera

Mbiri yodziwika kwambiri imati speedway idayambira ku West Maitland, m'dziko la Australia, pa 15 Disembala 1923, pa bwalo la chionetsero cha zaulimi. Yemwe amatchulidwa kuti adakonza mpikisanowo ndi Johnnie Hoskins. Masewerawa adafika ku Britain mu Febuluwale 1928, pa malo otchedwa High Beech, ndipo chaka chotsatira maligi adali atayamba kale. Mpikisano woyamba wofuna katswiri wa dziko lonse udachitika mu 1936 pa bwalo la Wembley ku London, ndipo adapambana ndi Lionel Van Praag wa ku Australia.

Kwa zaka zambiri katswiri wa dziko lonse ankapezeka pa usiku umodzi wokha. Kuyambira mu 1995, bungwe loyang'anira masewera a njinga zamoto pa dziko lonse, la FIM, lidasintha dongosolo n'kuyambitsa Speedway Grand Prix. Tsopano okwera 16 amakumana kangapo pa chaka m'mizinda yosiyanasiyana, ndipo wotolera mapointi ambiri pakutha pa chaka ndiye katswiri.

Ivan Mauger wa ku New Zealand adatenga ukatswiriwu kasanu ndi kamodzi pakati pa 1968 ndi 1979. Tony Rickardsson wa ku Sweden adafikanso pa nambala yomweyo mu 2005. Wachitatu kufikapo ndi Bartosz Zmarzlik wa ku Poland, yemwe adapambana mu 2019, 2020, 2022, 2023, 2024 ndi 2025. Kupambana kwa Zmarzlik mobwerezabwereza kukusonyeza komwe mphamvu ya masewerawa yasamukira.

Poland: komwe masewerawa akhazikika

Ku Poland speedway amaitcha żużel, mawu otanthauza zotsalira za malasha akapsa, chifukwa kale ndizo ankathira pa mabwalo. Dzikoli lili ndi maligi atatu otsatizana. Yaikulu ndi PGE Ekstraliga, yomwe ili ndi matimu 8 ndipo ndiyo ligi yolemera kuposa ina iliyonse ya speedway pa dziko lapansi. Masewera ake amachitika Lachisanu ndi Lamulungu ndipo amaonetsedwa pa wailesi yakanema. Pomwe Grand Prix inkachitikira pa bwalo lalikulu la dzikolo ku Warsaw, anthu oonerera ankakwana pafupifupi 50,000.

Chinthu choyamba chomwe chalimbitsa masewerawa kumeneko ndi malo. Mabwalo ambiri ndi a makhonsolo a mizinda, ndipo makhonsolowo amaona timu ngati chuma cha mzinda wonse. Mzinda wa Toruń udamanga bwalo latsopano lotchedwa Motoarena, lomwe lidatsegulidwa mu 2009 ndipo mumalowa anthu oposa 15,000. Timu yokhala pa bwalo lotere sigona ndi mantha akuti mawa mwini malo adzaithamangitsa.

Chachiwiri ndi ndalama. Dzina lakuti PGE ndi la kampani yaikulu ya magetsi, yomwe boma la Poland lili ndi gawo lalikulu la umwini wake. Kuwonjezera apo pali ndalama zochokera ku wailesi zakanema, ku makampani a m'mizinda, ku makhonsolo ndi ku matikiti olowera.

Chachitatu ndi ana. Malamulo a ligi amakakamiza timu iliyonse kuika anyamata awiri a zaka zosapitirira 21 m'gulu lake pa masewera aliwonse. Choncho timu yomwe siphunzitsa ana ake imadzipweteka yokha. Matimu ali ndi sukulu zawo za masewerawa, komwe ana amayambira pa tinjinga ting'onoting'ono pa timabwalo tating'ono, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono kufika pa 250cc ndi 500cc. M'mera m'poyamba. Zmarzlik yemwe adakulira m'manja mwa timu ya Stal Gorzów asanapite ku Motor Lublin mu 2023. Motor Lublin ndiyo idatenga chikho cha ligi mu 2022, 2023 ndi 2024.

Izi sizikutanthauza kuti ku Poland kulibe mavuto. Malipiro a okwera akwera kwambiri, ndipo matimu ena agwa m'ngongole pofuna kufanana ndi anzawo olemera. Mbiri yabwino nayo siteteza timu. Unia Leszno, yomwe idatenga ligi zaka zinayi zotsatizana kuyambira 2017 mpaka 2020, idatsika mu ligi yaikulu mu 2024. Komabe timu ikatsika, bwalo limatsala, ana amapitiriza kuphunzira, ndipo mwayi wobwerera umakhalapo.

Britain: mlendo pa munda wa eni

Ku Britain nkhani ndi ina. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, speedway inkakoka chinamtindi cha anthu m'mizinda ikuluikulu. Mu 1965, ligi yaikulu ya British League idayamba ndi matimu 18. Mu 1981, anthu oposa 90,000 adadzaza Wembley kudzaonerera Bruce Penhall wa ku America akutenga ukatswiri wa dziko lonse. Koma mu 2024 ndi 2025, ligi yaikulu ya kumeneko, ya SGB Premiership, idali ndi matimu 7 okha.

Vuto lalikulu ndi malo. Matimu ambiri a ku Britain alibe mabwalo awoawo. Amachita lendi pa mabwalo a mpikisano wa agalu othamanga kapena pa malo a zionetsero za zaulimi. Mizinda ikamakula, mtengo wa malo umakwera, ndipo eni ake amaona kuti kumangapo nyumba kuli ndi phindu kuposa kusunga bwalo logwira ntchito usiku umodzi pa sabata. Anthu omanga nyumba pafupi nawonso amadandaula phokoso ndi fumbi.

Timu ya Coventry idataya bwalo lake la Brandon kumapeto kwa 2016. Timu ya Swindon idatenga chikho cha ligi mu 2019, koma chimenecho chidakhalanso chaka chake chomaliza kupikisana pa bwalo lake. Kumapeto kwa 2023, matimu awiri adachoka mu ligi yaikulu nthawi imodzi: Wolverhampton, yomwe mbiri yake idayamba mu 1928, eni bwalo atakana kuwonjezera lendi, ndi Peterborough, yomwe malo ake adakonzedwa kuti pamangidwe nyumba. Matimu amenewa sadathe chifukwa chogonja pa bwalo. Adatha monga amathera mlimi wolima munda wobwereka: mbewu zili bwino, koma mwini munda wanena kuti chaka chamawa aufuna.

Vuto lachiwiri ndi masiku. Popeza okwera odziwika amakhala ku Poland kumapeto kwa sabata, ligi yaikulu ya ku Britain idasamukira ku Lolemba ndi Lachinayi usiku, masiku ovuta kwa makolo ogwira ntchito ndi ana a sukulu. Oonerera ambiri ndi achikulire omwe adayamba kukonda masewerawa kale. Ngakhale Grand Prix ya dzikolo, yomwe kuyambira 2001 inkachitikira pa bwalo lalikulu la ku Cardiff, mu 2025 idasamukira ku bwalo laling'ono la ku Manchester.

Pali pomwe zinthu zidabwerera. Bwalo la ku Oxford, lomwe speedway idasiya kuchitikapo mu 2007, lidatsegulidwanso mu 2022 anthu a mumzindawo atalimbana kwa zaka zambiri kuti lisagwetsedwe. Chomwe adapulumutsa poyamba ndi malowo, timu idabwera pambuyo.

Wokwera amapeza bwanji ndalama?

Wosewera mpira amakhala wa timu imodzi. Wokwera speedway amatha kusainira matimu a m'mayiko angapo chaka chimodzi. Sabata yake ikhoza kuyenda chonchi: Lolemba ku Britain, Lachiwiri ku Sweden, Lachitatu ku Denmark, Lachisanu kapena Lamulungu ku Poland, ndipo ngati ali mu Grand Prix, Loweruka lina amakhala kumeneko. Munthu yemwe Lolemba anali mnzake wa timu imodzi, Lamulungu amakhala mdani wake.

Malipiro amakhala pawiri: ndalama yosainira kontirakiti, ndi ndalama ya pointi iliyonse yomwe wapeza. Koma njinga, mainjini, matayala, galimoto yonyamulira katundu ndi malipiro a amakaniko zimachokera m'thumba mwake. Injini imafunika kupita kwa katswiri woikonza ikangothamanga ndime zowerengeka, ndipo tayala lakumbuyo silichedwa kutha. Alimi a fodya akudziwa bwino dongosolo lotere. Ndalama za mbewu, feteleza ndi aganyu zimatuluka poyamba, phindu limadziwika fodya akagulitsidwa. Wokwera akathyoka mwendo mu Meyi, mapointi amaima, ndalama zimaima, koma ngongole ya mainjini imakhalapobe. Amene amalemera ndi ochepa a pamwamba. Ambiri a m'maligi ang'onoang'ono amagwira ntchito zina nyengo ya masewera ikatha.

Ngozi ndi chitetezo

Ngakhale akatswiri amavulala. Lee Richardson wa ku Britain adamwalira pa 13 Meyi 2012 atachita ngozi pa masewera a ligi ku Wrocław, ali ndi zaka 33. Darcy Ward wa ku Australia, yemwe ambiri ankamuona ngati katswiri wa mtsogolo, adavulala msana mu Ogasiti 2015 ku Zielona Góra ndipo sadayendenso. Mu Malichi 2025, Tai Woffinden, yemwe adakhala katswiri wa dziko lonse mu 2013, 2015 ndi 2018, adavulala kwambiri ku Krosno ndipo adakhala masiku angapo ali chikomokere asanayambe kuchira.

Ngozi zoterezi zimachitika ngakhale pali chitetezo chochuluka. Wokwera aliyense amavala chisoti chotseka nkhope yonse, zovala zolimba zosang'ambika msanga, ndi zotchinga msana ndi chifuwa. Padzanja lake amamangapo kachingwe kolumikiza ku injini, kotero kuti akagwa injini imazima yokha. M'mbali mwa bwalo pokhota amaikamo mpanda wa matumba opopedwa mpweya. Onse amalowera mbali imodzi, ndipo pa bwalo sipadutsa munthu, chiweto kapena galimoto. Munthu akagwa, woimbira amayatsa nyali zofiira ndipo ndime imaima. Masewera sayamba popanda ambulansi ndi achipatala. Okwera amayezedwanso ngati amwa mowa, ndipo wopezeka atamwa amaletsedwa kupikisana.

Kuno kumwera kwa Africa

Speedway idafikako kuno kumwera. Ku South Africa idatchuka m'zaka za m'ma 1950, makamaka ku Johannesburg, ndipo Henry Long wa kumeneko adafika mu mpikisano womaliza wa dziko lonse mu 1952. Ku Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, komwe makolo ambiri a ku Tete ndi ku Malawi ankapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, kudali matimu ku Salisbury, Bulawayo ndi Gwelo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Okwera awiri a kumeneko, Peter Prinsloo ndi Mike Ferreira, adakapikisana m'maligi a ku Britain, ndipo Ferreira adakhala katswiri wa okwera a mu National League mu 1981, ali ndi timu ya Canterbury. Koma masewerawa adali m'manja mwa azungu ochepa ndipo sadazike mizu pakati pa eni dziko. Okonza ndi okwera atabalalika, ligi idazirala.

Lero mipikisano ya njinga zamoto yomwe ili ndi moyo m'chigawo chino ndi ya mitundu ina. Pali motocross, yothamanga pa bwalo la zitunda ndi zigwembe, yomwe ili ndi makalabu ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Palinso mipikisano ya mtunda wautali m'tchire ndi m'chipululu, ndipo waukulu mwa yonse ndi Dakar. Graeme Sharp wa ku Zimbabwe adamaliza Dakar pa njinga yamoto mu 2020. Paulo Oliveira adanyamula mbendera ya Mozambique mu Dakar ya 2022 ku Saudi Arabia. Ross Branch wa ku Botswana adakhala wachiwiri mu Dakar ya 2024 pa njinga ya Hero, ndipo chaka chomwecho adakhala katswiri wa dziko lonse wa mipikisano ya mtundu umenewu. Ku Maputo, bungwe la Automóvel e Touring Clube de Moçambique lili ndi bwalo lake la mipikisano ya galimoto ndi njinga. Mayina amenewa akusonyeza kuti wobadwira kuno akhoza kufika patali, koma onsewa adadutsa m'makalabu, m'maphunziro ndi m'malamulo.

Zomwe zikukhudza anthu a ku Chifunde

Msewu wa N9, wochokera ku Tete kukafika pachipata cha Cassacatiza, ndi wosiyana kotheratu ndi bwalo la speedway. Mumadutsa mathiraki opita ndi ochokera ku Zambia, ngolo za ng'ombe, mbuzi, amayi osenza mitolo ndi ana a sukulu. Njira za m'midzi ya ku Mualadzi ndi Nsadzu zili ndi mchenga, miyala ndi zigwembe zomwe mvula imasiya. Kuchoka pachipata kukafika ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete ndi ulendo wa makilomita oposa 250. Munthu wovulala mutu kapena msana pa mtunda wotere amataya maola omwe akadamupulumutsa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidati mu lipoti lake la 2023 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Bungweli limanenanso kuti chisoti chabwino, chovalidwa ndi kumangidwa bwino, chimachepetsa kwambiri imfa ndi kuvulala kwa ubongo. Malamulo a pamsewu a dziko la Mozambique amafuna kuti woyendetsa njinga yamoto ndi womukweza onse avale chisoti. Mnyamata wa kabaza akavulala, banja limataya zinthu ziwiri nthawi imodzi: wopezera ndalama, ndi njinga yomwe mwina idagulidwa ndi fodya wa chaka chonse. Choncho kutsanzira pamsewu zomwe zaoneka m'kanema n'kutenga liwiro lokha, n'kusiya chisoti, mpanda, woimbira ndi ambulansi zomwe zimachititsa kuti akatswiriwo abwerere kwawo amoyo.

Achinyamata ofuna kupikisana ali ndi poyambira pena, pomwe mbiri ya speedway yomweyo imasonyeza. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ana a m'mizinda ya ku Britain omwe sakadakwanitsa kugula njinga zamoto adayamba kuthamangitsana pa njinga zakapalasa, pa malo omwe nyumba zidagwetsedwa ndi mabomba. Adatengera malamulo onse a speedway: anthu anayi, kuzungulira kanayi, mapointi kwa aliyense malinga ndi malo omwe wathera. Masewerawo, otchedwa cycle speedway, alipo mpaka lero ku Britain, Poland ndi Australia, ndipo bwalo lake ndi lalifupi, losafika mamita 100. Malo ochepa kuposa bwalo la mpira la pasukulu ndi okwanira, ndipo njinga zakapalasa m'midzi muno zilimo kale.

Ofuna kufika pa njinga zamoto angaphunzire pa zomwe zachitikira Poland ndi Britain. Poyamba pamafunika malo otalikirana ndi msewu, ogwirizana ndi mfumu ndi akuluakulu a boma. Ku Mozambique nthaka ndi ya boma, ndipo chomwe gulu limapeza ndi chilolezo chogwiritsa ntchito malo, chotchedwa DUAT. Gulu lokhala ndi chikalata chimenecho silingachotsedwe mwachisawawa monga zidachitikira matimu a Coventry ndi Wolverhampton. Kenako pamafunika kalabu yolembetsedwa, kugawa okwera potengera zaka ndi kukula kwa injini, chisoti kwa aliyense, kuletsa mowa, ndi mgwirizano ndi achipatala tsiku la mpikisano lisanafike. Matimu a ku Poland omwe lero akudzaza mabwalo adayambira pa zinthu zomwezi: malo otsimikizika, malamulo olembedwa, ndi akuluakulu ovomera kuphunzitsa ana.